Dzina Padzanja: Zimene Tinakaphunzira ku Cairo

Mtanda woyamba tinauona m'sitima. Tinali titagona usiku umodzi wokha mumzinda wa Cairo, ku Egypt, ndipo kutacha mphwathu amene akuphunzira udokotala kumeneko anatitenga kuti tikaone mbali yakale ya mzindawo. M'sitima ya m'tauni, imene eni ake amaitcha Metro, munali mothithikana ngati m'minibasi ya ku Ndirande nthawi yoweruka. Bambo wina wovala malaya a ku ofesi anakweza dzanja kuti agwirire chitsulo chapamwamba. Mkono wa malaya unatsetsereka, ndipo pamene timamanga wotchi paja, koma chakumkati, panaoneka kamtanda kakuda mobiriwira, kosaposa njere ya chimanga. Tisanatsike pa siteshoni ya Mar Girgis tinali titaona ina inayi: wa mtsikana wa sukulu, wa agogo onyamula thumba la buledi, wa mnyamata wogulitsa timapepala topukutira thukuta, ndi wa kamwana kamene kanali pamiyendo pa mayi ake.

"Amalume, musawayang'anitsitse choncho," anatinong'oneza mphwathu. "Muiona yambiri mpaka mutopa nayo."

Iye sankadziwa chimene chinkathamangitsira maso athu pamanja pa anthu. Tinali tisanamuuze. Ku Cairo tinapita ndi masutikesi awiri, ufa woyera wa mnyamatayo, ndi nkhani ina ya m'banja imene inali itatha miyezi khumi ikutisowetsa tulo.

Zimene tinasiya kunyumba

Mwana wathu wamkazi amakhala ku Johannesburg ndi mwamuna wake. Mu Disembala anabwera yekha kudzationa, poti mkamwini wathu sanapeze tchuthi. Tinali tisanaonane naye chitayikire pathupi pake pa miyezi isanu ndi iwiri, choncho tinamulandira ndi manja awiri, n'kumuphikira nkhwani wotendera amene amaukonda. Tsiku lachitatu, akutsuka mbale kuseri kwa khitchini, anapinda malaya, ndipo tinaona zilembo zodinda padzanja lake lamanzere. Linali dzina lachimuna, koma silinali la mwamuna wake.

Mawu anatuluka m'kamwa mwa bambo ake, koma poti anali mumtima mwa tonse awiri, tiwasenza tonse. Tinamufunsa ngati thupi lake walisandutsa khoma la golosale. Tinamutsegulira Levitiko 19:28. Tinamukumbutsa kuti ndi mkazi wa mwini. Funso limene sitinafunse ndi lakuti dzinalo ndi la ndani. Tinkaganiza kuti yankho tikulidziwa kale, ndipo tinkaopa kulimva ndi makutu. Iye anangoti, "Ndamva, Ababa," n'kutsitsa mkono wa malaya. Masiku otsatirawo ankavala juzi, dzuwa la Disembala likuswa mtengo, ndipo anabwerera kutatsala sabata yathunthu kuti tchuthi chake chithe. Kuyambira pamenepo mauthenga ake pa WhatsApp anali a mawu atatu okha: tili bwino, zikomo.

Pachipata cha tchalitchi

Mukangotuluka pa siteshoni ya Mar Girgis mumakumana ndi zipupa za linga lakale la Aroma lotchedwa Babylon. Pamwamba pa chipata chimodzi cha lingalo anamangapo tchalitchi chimene alendo amachidziwa ndi dzina loti Hanging Church, chifukwa chimakhala ngati chalendewera m'malere. Pambali pake pali Coptic Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale imene inakhazikitsidwa mu 1908. Mukalowa m'tinjira topapatiza mumafika pa tchalitchi cha Abu Serga, chimene anthu akumeneko amati chinamangidwa pamalo pamene Yosefe, Mariya ndi mwana Yesu anakhalapo atathawa Herode. Eni matchalitchi amenewa ndi Akhristu a mpingo wa Coptic, amene amati mpingo wawo anauyambitsa ndi Marko, mlembi wa Uthenga Wabwino uja, mumzinda wa Alexandria. Kawirikawiri amawerengeredwa kuti ndi munthu mmodzi mwa anthu khumi alionse m'dzikomo. Enawo pafupifupi onse ndi Asilamu.

Kumalo a alendo amenewa aliyense amalowa akangodutsa pa makina ofufuzira zitsulo. Ntchito yeniyeni ya kamtanda kaja tinakaiona madzulo, pamene mtsikana wina wa m'kalasi mwa mphwathu, wa mpingo wa Coptic, anatitengera ku tchalitchi cha kwawo ku Shubra, dera limene kumakhala Akhristu ambiri. Pachipata panali wapolisi ndi anyamata awiri a mumpingomo. Odziwika ankangodutsa. Achilendo ankatembenuza dzanja lamanja, mnyamata n'kuponya diso, n'kugwedeza mutu. Ife, amene manja athu alibe kanthu, tinatulutsa mapasipoti ndipo mtsikanayo anatiperekera umboni.

Anatifotokozera kuti kusamala konseku sikunabwere popanda chifukwa. Pa 11 Disembala 2016 bomba linaphulika m'tchalitchi cha Botroseya, pafupi ndi likulu la mpingo wawo ku Abbasiya, ndipo linapha anthu opitirira 25, ambiri mwa iwo amayi ndi atsikana. Pa 9 Epulo 2017, Lamlungu la Kanjedza, mabomba ena anaphulika ku matchalitchi a ku Tanta ndi Alexandria, n'kupha anthu opitirira 40.

"Ndiye kuti mtandawu ndi kiyi wanu," tinatero.

Anaseka pang'ono, n'kusuntha wotchi yake kuti tiuone wake. Unali wopindika pang'ono, poti anamudinda ali wamng'ono ndipo khungu linatambasuka pokula. "Pano umanditsegulira, Bambo. Malo ena umanditsekera. Pali masiku amene ndimautsitsira wotchi pamwamba, ndipo ndikafika kunyumba ndimadzimvera chisoni. Chitupa changa cha unzika chimanena kale chipembedzo changa, koma chitupa chimakhala m'thumba. Uwu aliyense amauona ndikamamupatsa moni."

Tinamufunsa mmene mwambowu unayambira. Anati akuluakulu amafotokoza mosiyana. Asilikali a Chiarabu analowa mu Egypt mu 639, ndipo m'zaka mazana zotsatira Akhristu anayamba kuchepa. Ena amati olamulira ena ankadinda amonke padzanja kuti adziwe amene wakhoma msonkho, ndipo Akhristu anatenga chizindikiro chonyozera n'kuchisandutsa chawochawo. Ena amati makolo ankadinda ana kuti akadzasiyidwa amasiye kapena akadzabedwa, asadzaiwale kwawo.

Mphwathu anawonjezera kuti m'mbali mwa mtsinje wa Nile kulemba pakhungu n'kwakale kuposa Chikhristu ndi Chisilamu chomwe. Ku British Museum ku London kuli mitembo youma yochokera ku Gebelein, kummwera kwa Luxor, ya zaka pafupifupi 5,000. Mu 2018 akatswiri analengeza kuti madontho akuda amene ali pamkono wa mwamuna wina mwa iwo ndi zithunzi za ng'ombe yamtchire ndi nkhosa ya nyanga zazikulu, ndipo paphewa la mkazi wina pali timizere tokhotakhota. "Zaka za mitemboyo anaziyeza," anatero mnyamatayo, "koma eni ake sangafunsidwenso. Amoyo okha ndi amene amayankha." Tinayang'anana osanena kanthu.

Phiri la Mokattam

Patapita masiku awiri tinakwera takisi kupita ku phiri la Mokattam, chakum'mawa kwa mzinda. Msewu wopita kumeneko umadutsa ku Manshiyat Naser, kumene kumakhala anthu otchedwa Zabbaleen, kutanthauza otola zinyalala. Makolo awo anachokera m'midzi ya kummwera kwa Egypt, ndipo ambiri ndi a mpingo wa Coptic. M'bandakucha amazungulira m'nyumba za mumzinda kutenga zinyalala, n'kubwera nazo kwawo. Kumeneko banja lonse limakhala pansi n'kumasankha: mabotolo apa, makatoni apo, zitini uko, zakudya zotsala kwa ziweto. Akuti mwa zinyalala zimene amatola, pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse amazibwezera pa ntchito. Fungo limalowa m'galimoto ngakhale mutatseka mawindo. Matumba akuluakulu ngati mabelo a fodya aunjikidwa mpaka pamadenga, ndipo pakati pa matumbawo ana ovala yunifolomu yochapa bwino amadutsa kupita ku sukulu.

Mukatuluka m'timisewu timeneti mumangozindikira kuti mwafika pabwalo loyera, lopita mphepo, patsinde pa thanthwe lalitali. Apa ndi pa nyumba ya amonke ya Simon the Tanner, munthu wofufuta zikopa amene mbiri ya mpingo wawo imati anakhalako zaka zoposa 1,000 zapitazo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 anthu a m'derali akhala akusema matchalitchi m'mapanga a phirili. Lalikulu kwambiri lili ngati bwalo la masewero lolowa pansi pa thanthwe, ndipo mumakhala anthu zikwizikwi. Pazipupa za phiri anasemapo zithunzi za nkhani za m'Baibulo zazitali kuposa nyumba.

Chapafupi ndi polowera tinapeza kamsasa kamene panali anthu pamzere. Bambo wina anakhala pampando ndi kamakina kolira ngati njuchi. Patebulo panali timitanda tosiyanasiyana toti munthu asankhe. Ankayamba wapukuta dzanja ndi mankhwala, n'kudindapo chithunzi ndi inki, kenako n'kutsatira mizereyo ndi singano. Ntchito yonse sinkatha mphindi zisanu. Tinakhala pabenchi pafupi, ndipo poti anthu a ku Egypt sachedwa kucheza ndi mlendo, nkhani zinayamba zokha, mphwathu akumasulira.

Woyamba anali mayi wachitsikana amene anabwera ndi mwana wa zaka ngati zinayi. Kamwanako kanalira mpaka mawu kusasa, mayi ake atakapanikiza pachifuwa, azakhali ake akululutira. Ife amene timadikira kuti mwana akule n'kusankha yekha ubatizo, zinativuta kuonerera, ndipo sitibisa kuti mpaka lero zimativutabe. Koma tinafunsa. Mayiyo anapukuta mwanayo misozi ndi nsonga ya mpango wake n'kuti, "Mwamuna wanga amayendetsa lole ya zinyalala usiku. Ine ndimadwaladwala. Tikadzachoka, aliyense womutola adzadziwa khomo loti akamusiyepo."

Wachiwiri anali mnyamata wa zaka za m'ma 20, amene anabwera kudzadetsanso mtanda wake wa paubwana umene unali utafufuma. Anali pafupi kupita kunja kukagwira ntchito ya zomangamanga. Anatikumbutsa za amuna 21 amene zigawenga za ISIS zinawapha m'mbali mwa nyanja ku Libya mu Febuluwale 2015. Mwa iwo 20 anali a ku Egypt, ambiri ochokera m'midzi ya ku Minya, amene anapita kukasaka maganyu monga ana athu amapitira ku Joni, ndipo mmodzi anali wa ku Ghana. Tinamufunsa ngati sikukanakhala kwanzeru kuusiya wofufuma womwewo. Anatambasula dzanja n'kuliyang'ana. "Za kufa sindiziganizira kwambiri, Bambo. Dzanja ili ndi limene ndimalandirira ndalama, ndiponso ndi limene ndingamenyere munthu ndikapsa mtima. Ndikalitambasula ndimafuna ndiziuona."

Wachitatu sanabwere kudzadindidwa. Anali agogo aakazi ovala zakuda amene anangokhala pamthunzi kudikira adzukulu. Ataona kuti tikufunsa anthu, anatikodola n'kupinda mkono wa diresi. Kuwonjezera pa kamtanda ka padzanja, pamkono pawo panali mtanda waukulu ndi manambala a Chiarabu pansi pake. Chinali chaka chimene anapita ku Jerusalem ali mtsikana, m'zaka za m'ma 1960. Akhristu a ku Egypt akafika ku Jerusalem ankadindidwa chaka cha ulendo wawo ngati umboni, ndipo mpaka lero mumzindawo muli banja la a Razzouk, lochokera ku Egypt komweko, limene lagwira ntchitoyi kwa mibadwo yambiri pogwiritsa ntchito zidindo zosema pamtengo. Agogowo anasisita manambalawo ndi chala. "Bambo anga anagulitsa ng'ombe kuti tipite. Anamwalira chaka chotsatira. Mtandawu ndi wa mpingo, koma chakachi ndi cha bambo anga."

Pabenchi paja tinazindikira kuti tikanangoyang'ana osafunsa, tikanabwerera kunyumba n'kumauza anthu kuti Akhristu a ku Egypt amadinda mtanda posonyeza chipembedzo chawo, basi. Sitikananama, koma tikanaphonya mayi woopa kusiya mwana wamasiye, mnyamata woopa mkwiyo wake, ndi nkhalamba yosunga bambo ake pamkono. Chithunzi chinali chimodzi, koma aliyense ananyamula katundu wakewake.

"Nanga kwanu simulemba?"

Funso limeneli anatiponyera ndi agogo aja. Tinatsala pang'ono kuyankha kuti ayi, koma tinakumbukira nkhope za agogo athu omwe. Ambiri a msinkhu wathu tinaleredwa ndi amayi okhala ndi mphini m'masaya ndi pamphumi, zotemedwa ndi lumo n'kupakidwa makala. Zina zinali zokongoletsa, zimene mtsikana ankatemedwa akamakula. Zina zinali za kwa sing'anga, zotemedwa pamene pakupweteka n'kutikitiramo mankhwala. Titayamba sukulu ndi tchalitchi tinaphunzira kuchita nazo manyazi, ndipo agogo athu analowa nazo m'manda popanda mdzukulu ndi mmodzi yemwe wowafunsa kuti anawatema ndani, liti, ndipo ankamva bwanji.

Mmodzi wa ife ali ndi mphini zitatu pachifuwa. Anatemedwa ali khanda, atadwala chifuwa chosamva mankhwala. Kwa zaka zambiri ankaziona ngati chizindikiro cha umbuli wa makolo. Mayi ake atakalamba ndi pamene anamuuza kuti anali ataika kale ana awiri m'manda, ndipo usiku umenewo anayenda mtunda wautali mumdima ali naye kumbuyo. Mphinizo sizinachize chifuwa, ndipo lero sitingalole mdzukulu wathu kutemedwa. Koma akaziyang'ana tsopano amaona mantha ndi chikondi cha mayi ake. Tinawaonetsanso agogo aja kachipsera ka katemera wa BCG kamene pafupifupi Mmalawi aliyense ali nako pamkono. Anaseka n'kutionetsa kawo.

Iwo anatiuzanso kuti kale kumudzi kwawo kunalibe makina. Wodinda ankamanga masingano osokera angapo pakamtengo, inki yake inali mwaye wa nyali wosakaniza ndi mkaka, ndipo masingano omwewo ankabaya nawo ana onse a pamzere. Apa mmodzi wa ife, amene wagwira unamwino zaka zambiri, anagwira pakamwa. Iye anali ataonetsetsa kale kuti bambo wa pamsasa uja akutsegula singano yatsopano kwa munthu aliyense.

Dziko limene linaphunzira za singano movutikira

Madzulo ake tinakadya koshari, chakudya chotchipa cha anthu onse ku Cairo: mpunga, mphodza, makaroni ndi tchana, pamwamba n'kuthira msuzi wa tomato ndi anyezi wokazinga. Mulibe nyama, ndipo mbale imodzi imakusungani mpaka kugona. Tikudya, mphwathu anatifotokozera chifukwa chake nkhani ya singano si yamasewera m'dzikolo.

Likodzo, limene timalidziwa bwino m'mbali mwa nyanja yathu, ndi vuto lakalekale m'mbali mwa Nile. Ndi ku Cairo komweko kumene dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, anatulukira nyongolotsi yoyambitsa matendawa mu 1851. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mpaka kuchiyambi kwa m'ma 1980, boma linkabaya anthu mamiliyoni m'midzi jakisoni wa likodzo. Majakisoni anali agalasi, obwerezedwa kwa anthu ambiri pamzere popanda kuwiritsa mokwanira. Likodzo linachepa, koma kachilombo ka matenda a chiwindi a Hepatitis C kanafalikira mwakachetechete. Kafukufuku wa mu 2008 anapeza kuti pafupifupi anthu 15 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 59 anali atagwidwapo ndi kachilomboka, chiwerengero chimene chinali chokwera kuposa dziko lina lililonse. Kuyambira mu Okutobala 2018 boma linayeza magazi anthu pafupifupi 50 miliyoni m'miyezi isanu ndi iwiri, n'kupereka mankhwala aulere kwa opezeka nako. Mu Okutobala 2023 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti Egypt ndi dziko loyamba kufika pa mlingo wapamwamba pa njira yothetsera matendawa.

Phunziro lake likutikhudza tonse. Inki ya tatuu imalowa m'kati mwa khungu mozama milimita imodzi kapena ziwiri, pamene pali timitsempha ta magazi. N'chifukwa chake siifufutika, ndipo n'chifukwa chakenso singano, lezala kapena inki imene yakhudza magazi a munthu wina ingathe kupatsira Hepatitis B, Hepatitis C ndi HIV. Kachilombo ka Hepatitis B kamatha kukhala kamoyo m'magazi ouma kwa sabata yathunthu, ndipo munthu angakhale nako zaka zambiri osamva kanthu pamene chiwindi chikuwonongeka. Aliyense amene anadindidwapo, kutemedwa mphini kapena kuboola makutu ndi chida chobwerekana, ndi bwino akayezetse magazi. Hepatitis B ili ndi katemera, amene ana ku Malawi anayamba kulandira mu 2002, kutanthauza kuti akuluakulu ambiri sanabayidwe. Hepatitis C ilibe katemera, koma imachizika ndi mapilitsi omwa kwa masabata pafupifupi 12. Tikumbukirenso kuti khungu lakuda limachita msanga zipsera zotupa zimene zimakula kupitirira bala, ndiponso kuti kufufuta tatuu ndi makina a kuwala n'kodula, kumafuna maulendo angapo, ndipo kumatha kusiya mawanga.

Foni ya usiku

Titabwerera kumene tinkagona, tinamuuza mphwathu nkhani yonse ya Disembala uja. Anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anafunsa mwaulemu, maso ali pansi: "Amalume, anthu atatu achilendo mwawafunsa lero. Nanga achemwali munawafunsa?"

Safunsa anadya phula, amatero akuluakulu. Tinaimba usiku womwewo. Foni inaitana nthawi yaitali.

"Amayi, kwagwanji?"

"Kulibe chagwa, mwanawe. Tili ndi bambo ako pano. Tikufuna tikufunse chimene tinayenera kukufunsa kalekale. Dzina lili padzanja lakolo ndi la ndani?"

Kunali zii, moti tinaganiza kuti foni yaduka. Kenako tinamva akupuma mwamphamvu.

"Ndi la mdzukulu wanu."

Anatiuza kuti mwana uja anali wamwamuna. Anamwino anamulola kumunyamula kwa kanthawi, ndipo iye ndi mwamuna wake anamutcha dzina. Kwathu mwana wobadwa wakufa timati mtayo. Amakamuika amayi achikulire okha, mwakachetechete, popanda kulira maliro, popanda dzina. Ife tinatsatira zomwezo osaganizira n'komwe. Tinamutumizira uthenga woti alimbe mtima, Mulungu adzamupatsa wina, ndipo sitinatchulenso nkhaniyo poganiza kuti tikumuteteza. "Aliyense ankachita ngati sanakhaleko," anatero. "Ndinkaopa kuti nanenso ndidzayamba kukayika. Ndinafuna pakhale penapake pamene dzina lake lalembedwa." Mwamuna wake ndi amene anamuperekeza kokadindidwa.

Bambo ake anatenga foni. Anayesa kulankhula koma mawu anakana. Pomaliza anati, "Mwana wanga, tinakulakwira. Tatiuza, timalitchula bwanji?" Iye analitchula, ife n'kubwereza. Dzinalo sitililemba pano, chifukwa ndi la iye ndi mwamuna wake.

Owerenga ena afunsa ngati tsopano tikuvomereza zodinda pathupi. Maganizo athu sanasinthe. Mwana wa mumpingo atatifunsa, tingamulangize kuti khungu lake alisiye mmene Mlengi analipangira, ndipo zifukwa za umoyo tazitchula kale. Mwana wathu amadziwa zimenezi, ndipo takambirana momasuka. Anakayezetsa magazi mayi ake atamupempha, ndipo ali bwino. Chimene chinasintha ndi dongosolo la mawu athu. Vesi limene tinamutsegulira lija limanenanso za anthu odzicheka chifukwa cha akufa, ndiye kuti limalankhula kwa anthu olira. Ife tinaliwerenga kwa mwana wolira osadziwa kuti akulira, chifukwa sitinamufunse. Tikanakhala kuti tinalira naye pa nthawi yake, n'kufunsa dzina la mwanayo, kapena sakanafuna inki kuti imusungire.

Choncho inu makolo anzathu, aphunzitsi a Sukulu ya Sabata ndi akulu a mpingo, tsiku lina mnyamata kapena mtsikana adzakhala pabenchi la kutsogolo kwanu, ndipo mudzaona chojambula pamkono kapena pakhosi pake. Mwina anachita motengera anzake ndipo akunong'oneza bondo. Mwina ndi dzina la mayi ake amene anamwalira iye ali ku Joni osatha kubwera kumaliro. Simungadziwe poyang'ana. Mupatseni moni, mufunseni ngati angakonde kukuuzani tanthauzo lake, ndipo mumvetsere mpaka amalize. Malangizo sathawa, mudzawapereka pambuyo pake.

Tsiku lonyamuka, mtsikana wa ku Shubra uja anabwera kudzatitsanzika ndi phukusi la zipatso za kanjedza. Potipatsa moni, wotchi yake inali m'mwamba, mtanda uli poyera. Tinadutsira ku Addis Ababa n'kutera ku Lilongwe masana, jakaranda ali mbuu m'misewu. Mwana wathu akubwera Disembala uno pamodzi ndi mwamuna wake. Tagula mbande ya mango yoti tidzadzale kuseri kwa khitchini, pamene ankatsukira mbale paja, ndipo tagwirizana kuti mtengowo tizidzautchula dzina la mdzukulu wathu.